Chifukwa chiyani kukonza chuma kumayamba ndi kukwera mitengo?

Funso: Akonzi, nthawi zonse dziko la mu Africa likagwirizana ndi bungwe lobwereketsa ndalama ku mayiko la IMF, timamva kuti ndalama yagwa mphamvu, mafuta akwera mtengo, misonkho yawonjezeredwa. Kodi kumeneku ndi kukonza chuma kapena kulanga osauka? Nanga si mankhwala omwewa amene analephera kale?
Wowerenga wathu

Yankho: Kudandaula kwanu kuli ndi maziko, koma tiyambe ndi chimene chimapititsa boma ku IMF. Boma likamagwiritsa ntchito ndalama zoposa zimene limatolera m'misonkho, ndipo dziko likamagula kunja katundu wambiri kuposa amene limagulitsa, ndalama zakunja zimatha. Zikatero banki yaikulu imatchula mtengo wake wa dola, pamene wamalonda wofuna kuitanitsa mankhwala kapena feteleza amaipeza dolayo pamsika wozembera pamtengo wokwera kwambiri. Kugwetsa ndalama nthawi zambiri kumangovomereza mtengo umene amalonda anayamba kale kulipira.

Dziko la Nigeria ndi chitsanzo chapafupi. Pa 29 May 2023, tsiku limene ankalumbira, Pulezidenti Bola Tinubu analengeza kuti sabuside ya petulo yatha, ndipo mwezi wotsatira ndalama ya dzikolo, naira, inasiyidwa kuti msika uitchule mtengo. Sabusideyo inkadya gawo lalikulu la bajeti, inkapindulira kwambiri eni magalimoto ndi ozembetsa mafuta kupita nawo mayiko oyandikana, choncho kuichotsa kunali ndi nzeru. Cholakwika chinali chakuti mitengo ya mayendedwe ndi chakudya inakwera nthawi yomweyo, pamene thandizo la mabanja osauka linabwera mochedwa ndiponso moperewera.

Pa funso lanu lachiwiri, n'zoona kuti njirayi si yatsopano. Dziko la Ghana linaiyamba mu 1983 mu ulamuliro wa Jerry Rawlings. Ku Zambia, kuchotsa sabuside ya ufa kunabutsa zipolowe kuchigawo cha migodi cha Copperbelt mu December 1986, ndipo mu May 1987 Pulezidenti Kenneth Kaunda anathetsa mgwirizano ndi IMF. Mayiko awiriwa anadzakhululukiridwa ngongole zambiri kudzera mu ndondomeko ya HIPC, yothandiza mayiko osauka olemedwa ndi ngongole, koma Zambia inalephera kubweza ngongole mu November 2020, Ghana nayo inaimitsa kubweza mu December 2022.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kugwetsa ndalama ndi kudula sabuside kumakonza mabuku a boma, koma sikusintha zimene dziko limapanga. Zambia ikudalirabe mkuwa, Ghana golide, koko ndi mafuta, ndipo mitengo ya zonsezi imatchulidwa m'misika yakunja. Ndalama ikagwa, katundu wa dziko amayenera kutsika mtengo kwa ogula akunja, komatu phindu limeneli limafika kokha kumene kuli mafakitale, magetsi osathimathima ndi misewu yofika kudoko. Dziko la Mauritius linachita zimenezi kuyambira 1970, pamene linatsegula madera a mafakitale opangira katundu wogulitsa kunja, n'kuchoka pang'onopang'ono pa kudalira shuga yekha.

Misonkho nayo imavuta kumene anthu saona kumene ndalama zawo zikupita. Ku Kenya mu June 2024 achinyamata anachita zionetsero zokana bilo ya misonkho yatsopano, anthu anafa, mpaka Pulezidenti William Ruto anakana kuisainira.