Yankho kwa amalume pa za kuiwala kwa agogo

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Ndangoweruka kumene, ndiye mukamva phokoso kumbuyoku ndi minibasi, mundikhululukire. Uthenga wanu ndaumva. Mwafunsa kuti poti agogo ayamba kuiwalaiwala chonchi, kodi si matenda akumtundu, kuti inu, amayi ndi ife adzukulu tonse tidzathera komweko? Mwatinso munamva pa wailesi za dokotala wina amene anapeza mtundu wathunthu wa anthu odwala zoterezi. Ndiyankha pagulu pompano kuti amayi aang'ono ndi achimwene amve nawo, poti ndikudziwa kuti nkhawa imeneyi si yanu nokha.

Dokotala amene munamvayo ndikukhulupirira kuti ndi Francisco Lopera wa ku Colombia. Anali katswiri wa matenda a ubongo pa yunivesite ya Antioquia mumzinda wa Medellín, ndipo anamwalira mu 2024. Nkhani yake ndi yoona, koma muimvetsetse bwino, chifukwa ikamveka theka imaopsa anthu pachabe.

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, iye akadali dokotala wachinyamata, anamubweretsera bambo wina wa zaka 47 amene mutu unali utasokonekera, osakumbuka kanthu. Zaka 47, amalume, munthu woti akulima, ana akadali pasukulu. Atafunsa achibale, anamva kuti bambo ake a munthuyo anadwala chimodzimodzi, agogo akenso chimodzimodzi. Apa ndi pamene ine ndimamupatsira ulemu munthu ameneyu. Wina akanangolemba mankhwala nkuitana wodwala wotsatira. Iye ananyamuka kupita kumidzi ya kumapiri kumene anthuwo ankachokera, kwina kosafika galimoto, nthawi imene dera limenelo kunali nkhondo ya zigawenga. Ankalowa khomo ndi khomo, kukhala pansi ndi nkhalamba kufunsa kuti uje anabadwa kwa yani, anakwatira kuti, anafa bwanji. Kenako kumatchalitchi, kukavundukula mabuku akale a ubatizo, a maukwati ndi a maliro, kulumikiza dzina ndi dzina. Pamapeto pake zinaoneka kuti mabanja amene ankaoneka ngati osiyana anali mtundu umodzi, anthu pafupifupi 6,000, ochokera kwa kholo limodzi.

Ndipo eni akewo ankati ndi temberero. Ena ankati munthu amadwala akakhudza mtengo winawake, ena ankati wansembe wina wakale anawatemberera. Mukuona, si ife tokha amene timathamangira kumeneko.

Chimene chinapezeka, mothandizana ndi akatswiri a ku America m'zaka za m'ma 1990, ndi kachilema kakang'ono m'chibadwa, pa gene (kachidutswa ka malangizo a thupi kamene timatengera kwa makolo) yotchedwa presenilin 1. Anthu oposa 1,000 mumtunduwo ali nako. Kholo likakhala nako, mwana aliyense ali pakatikati, akhoza kutengera kapena ayi, theka ndi theka. Ndipo amene watengera, pafupifupi aliyense amadwala. Kuiwala kumayamba cha pa zaka 44, pofika 49 matenda oiwalitsa otchedwa Alzheimer akhazikika, ambiri amamwalira cha pa zaka 60.

Tsono apa ndi pamene pali yankho lanu. Agogo ali ndi zaka 82. Mpaka chaka chathachi ankawerengera okha ndalama za mtedza, palibe ankawabera ngakhale kobiri. Inuyo mwadutsa 60, mukuyendetsa golosale. Amayi akukumbukira tsiku lobadwa la mdzukulu aliyense. Zikanakhala za mtundu wa ku Colombia uja, bwenzi titaika kale anthu angapo a zaka za m'ma 50, ndipo bwenzi mudzi wonse ukudziwa kuti banja lakwauje limatero. Matenda otengera mwachindunji chonchi ndi osowa kwambiri, safika ngakhale munthu mmodzi pa odwala Alzheimer 100 alionse. Enawo ndi ukalamba, kuphatikiza zina monga BP, shuga ndi sitiroko. Sindikunamizani, kukhala ndi kholo lodwala kumakweza chiopsezo pang'ono. Koma chiopsezo ndi china, chigamulo ndi china.

Mwina mufunsa kuti nanga ngati ndi zosowa chonchi, dziko lonse linkalimbikiranji mtundu umodziwo? Chifukwa chake nchakuti kumeneko ankadziwiratu amene adzadwale ndi nthawi yake, ndiye ankatha kuuona ubongo matenda asanaonekere. Mu Alzheimer muli mapuloteni awiri amene amaunjikana mu ubongo, amyloid ndi tau. Atawaunika anthuwa, anapeza kuti amyloid amayamba kuunjikana munthu ali ndi zaka pafupifupi 28, pamene akuoneka bwinobwino. Zili ngati chiswe mumtanda wa denga, chimadya zaka zambiri mkati, inu mumadzazindikira tsiku limene denga latsika. Ndiponso mabanjawo anavomera kupereka ubongo wa abale awo akamwalira kuti ufufuzidwe. Taganizani, maliro ali mkati, dokotala nkubwera ndi pempho limenelo. Kwathu kuno kaya tikanamulandira bwanji. Anavomera chifukwa anali atayenda nawo zaka zambiri, ankamudziwa.

Kuchokera mu 2013 anayesa mankhwala otchedwa crenezumab pa anthu 252 a mumtunduwo amene anali asanayambe kudwala, kuti aone ngati angatchinge matendawa. Chinandikhudza nchakuti ambiri sankafuna kuuzidwa ngati ali ndi kachilemako kapena ayi, ndiye mukafukufukumo analowetsamo ndi ena opanda kachilemako, amene ankalandira zongofanana ndi mankhwala, kuti munthu asadzizindikire chifukwa choti waitanidwa. Zotsatira zinatuluka mu 2022. Mankhwalawo sanathandize monga ankayembekezera. Anthu anapirira majakisoni zaka zisanu kapena kuposerapo, nkudzamva zimenezo.

Koma panatulukanso china. Mayi wina wa mumtundu womwewo anali ndi kachilema kaja, koma anafika zaka za m'ma 70 mutu uli bwino, pamene abale ake ankagwa asanafike 50. Atamuunika, ubongo wake unali wodzaza ndi amyloid, koma tau anali wochepa. Anapeza kuti anatengera kwa makolo onse awiri kusintha kwina kosowa pa gene ya APOE, kotchedwa Christchurch, kumene kunkamuteteza. Izi zinalengezedwa mu 2019, ndipo mu 2023 anapezanso bambo wina wotetezedwa mwa njira ina. Panopa akatswiri akufufuza ngati angapange mankhwala otsanzira chitetezo chimenecho. Sanafike, ndiye wina akabwera ndi botolo kuti ili limachiza kuiwala, musatulutse ndalama.

Tibwere kwa agogo. Ine sindinganene pafoni kuti ndi Alzheimer. Pali zinthu zina zimene zimasokoneza mutu wa munthu wamkulu koma zimachizika: matenda a m'chikhodzodzo, kuchepa kwa vitamini B12, vuto la chithokomiro, kukhumudwa kwambiri, ngakhale kusamva bwino. Munthu akasiya kumva amasiya kucheza, anthu nkumati wazelezeka. Komanso agogo ali ndi BP ya nthawi yaitali, ndipo timasitiroko ting'onoting'ono timene sitigwetsa munthu timawononganso kukumbukira. Amayi aang'ono anandiuza kuti mapilitsi a BP aja anatha kalekale ndipo palibe anakatenga ena. Chimenecho chikundidetsa nkhawa kuposa za kumtundu. Inunso amalume, BP yanu munayezetsa liti? Ndi fodya uja, sindinena zambiri pagulu.

Chinanso, ndamva kuti anthu ena pamudzi ayamba kunong'ona, poti agogo anapezeka m'bandakucha ataima kuseri kwa nyumba ya eni ake atangomanga chitenje. Chonde chimenechi tisachitenge mopepuka. Tonse tamvapo za okalamba amene amenyedwa kapena kuphedwa m'dziko muno powaganizira ufiti. Kuyendayenda usiku ndi chizindikiro chodziwika cha matendawa, munthu amadzuka osadziwa kumene ali, nkumafuna kwawo kwa ali mwana. Inu monga mwini mbumba mupite kwa amfumu mukawafotokozere kuti mayi athu akudwala, anthu amve kuchokera kwa ife zisanafike poipa. Usiku pazigona munthu nawo, chitseko chizikhala chokhoma. Asamaphike okha, paja mwezi watha anasiya mphika pamoto mpaka ndiwo zinapserera. Ndipo akamutchula mwana wa achimwene dzina la malemu mng'ono wawo, musawakalipire kapena kuwakumbutsa kuti uja anamwalira, chifukwa kwa iwo imakhala nkhani yatsopano, amayambanso kulira. Angovomera kuti wawa, nkuwafunsa ngati adya.

Ndibwera Loweruka. Mundisungire buku lawo la kuchipatala ndi timapepala tonse ta mankhwala amene akhala akumwa, ndi azitsamba omwe ngati alipo, musabise. Lolemba m'mawa tipite nawo kuchipatala cha boma, ndipo apite ndi amayi aang'ono poti ndi amene amakhala nawo tsiku ndi tsiku, ndi amene angamuuze dokotala kuti zinayamba liti. Za thiransipoti achimwene atithandize, tikambirana kumbali.