Funsani tikuyankheni: Kodi ndisiye kauntala n'kukayimira kampani ya mankhwala?

FUNSO: Ndili ndi dipuloma ya za mankhwala yochokera ku Malawi College of Health Sciences, ndipo ndimagwira ntchito mu famase ina pa Salima. Kampani ina ya ku Lilongwe yopikulitsa mankhwala ikufuna kuti ndiziiyimira kwa makasitomala ake kuyambira kuno mpaka ku Dwangwa, malipiro ake ndi apamwezi kuphatikiza komishoni. Kodi ntchitoyi ili ndi tsogolo? (Mayi wowerenga, Salima)

YANKHO: Mayi, tsogolo lilipo, chifukwa ena amene amayamba motere amadzakwera n'kuyang'anira malonda a chigawo chonse, ndipo maphunziro anuwo adzakuthandizani kulankhulana bwino ndi madokotala ndi anamwino. Komabe dziwani kuti ntchitoyi ili pawiri: kufunafuna makasitomala atsopano, ndi kusamala amene alipo kale kuti asakuthaweni. Yachiwiriyi ndi imene idzakudyetsani.

Zipatala za boma zimalandira mankhwala ambiri kudzera ku Central Medical Stores Trust, choncho anthu anu enieni adzakhala eni mafamase, zipatala zoyima pazokha, ndi za mishoni zimene zili pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, monga St Anne's ku Nkhotakota. Anthu amenewa ndi ochepa ndipo amadziwana, moti mukamukankhira mmodzi katundu wotsala pang'ono kutha mphamvu pofuna kukwanitsa chiwerengero cha mwezi umenewo, mbiri yanu idzafika ku Dwangwa inu musanadutse n'komwe pa Benga. Woyimira kampani wabwino amalowa m'chipinda chosungira mankhwala, kutembenuza makatoni kuti aone madeti, kuona ngati kutentha kwa kunyanja kuno sikukuwononga katundu, ndiponso kukumbutsa mwini wake kuti aitanitsiretu mankhwala a malungo a LA mvula isanayambe, poti malungo akachuluka aliyense amamufuna nthawi imodzi.

Nkhani imene ndikufuna muiganizire mofatsa ndi ya ngongole. Makasitomala ambiri amatenga katundu kuti adzalipire pambuyo, ndipo wokatolera ndalamazo mudzakhala inuyo. Musanasaine, funsani ngati komishoni imawerengedwa katundu akangoperekedwa kapena ndalama zikalowa, komanso ngati ngongole ya kasitomala wolephera kulipira idzadulidwa pa malipiro anu. Mankhwala ambiri amachokera kunja, choncho ndalama zakunja zikasowa kapena kwacha ikagwa, monga idagwera ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo imasintha ndipo katundu wina amasowa. Pamenepo kasitomala amafuna munthu womuuza zoona msanga, osati womulonjeza mawa losafika.

Pa za malamulo musagonje ngakhale pang'ono. Tsimikizani kuti kampaniyo ili ndi chiphaso cha bungwe loyang'anira za mankhwala la PMRA, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019 m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board, ndipo musagulitse mankhwala ofunika chilolezo cha dokotala kwa a magolosale kapena ogulitsa pamsika, ngakhale atabwera ndi ndalama m'manja. Kupatsa wogwira ntchito m'chipatala kangachepe kuti azilemba mankhwala a kampani yanu ndi katangale, ndipo wovulala amakhala wodwala.

Funsaninso za mayendedwe, chifukwa msewu wa M5 ndi wautali ndipo umavuta nthawi ya dzinja: kampani ikulembereni m'kalata ya ntchito amene adzalipire mafuta, malo ogona ndi mayunitsi.