Alamu, wolemba chikwangwaniyo ayambe wadikira

Alamu, mwaswera bwanji? Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali m'kalasi ndipo foni inali m'chikwama. Ndangowuona tsopano uthenga wanu pagulu la banja pano, uja mukufunsa kuti pachikwangwani cha shopu yanu ya kaunjika alembe bwanji Ladies, Mens ndi Childrens, komanso kuti kachizindikiro kam'mwamba kaja kakhale pati. Ndati ndingolankhula, zolemba zala zingatope. Koma chonde, muuzeni mnyamatayo asatsegule chitini cha penti mpaka mumve uthengawu wonse.

Kachizindikiro kaja m'Chichewa timati nkhodolero, komwe kaja timaika polemba ng'ombe kapena m'nyumba. Azungu amati apostrophe. Ife timakagwiritsa ntchito zathu, koma m'Chingerezi kali ndi ntchito inanso, yosonyeza mwini wake wa chinthu. Ndiye vuto limayambira apa. Ife tikati "zovala za mtsikana" ndi "zovala za atsikana", khutu lamva kale kuti uku ndi mmodzi, uku ndi ambiri, chifukwa mawu athu amasinthira kumayambiriro, mtsikana, atsikana. Iwo amasinthira kumapeto. Girl's clothes ndi girls' clothes, mukazitchula pakamwa zikumveka chimodzimodzi, palibe kusiyana ngakhale pang'ono. Kusiyana kwake kuli papepala basi. Nchifukwa chake ngakhale anthu oyankhula Chingerezi chothyakuka amalakwitsa akagwira cholembera.

Ana anga m'kalasi ndimawauza chonchi, ndipo inunso mungochita chomwecho. Muyambe mwaiwala za nkhodoleroyo. Lembani kaye mawu a anthu ambiriwo, eni ake a katunduyo. Mmodzi ndi lady, akachuluka ndi ladies, y uja amachoka n'kubwera i, e, s. Mwalemba ladies. Tsopano yang'anani lembo lomaliza. Ngati ndi s, musawonjezerenso s wina ayi, ingoikani nkhodolero pambuyo pake. Ndiye kuti Ladies' Wear: l, a, d, i, e, s, kenako nkhodolero. Chimodzimodzi Boys' Shorts, Girls' Dresses, Babies' Clothes, onsewo nkhodolero ibwere s atadutsa.

Koma pali mawu ena amene akachuluka sathera ndi s, ndipo awiri mwa atatu amene mwafunsawo ali m'gulu limeneli. Man amakhala men. Woman amakhala women. Child amakhala children. Awa ndi ambiri kale, safunikanso s wochulukitsa. Ndiye pa amenewa mumaika nkhodolero kaye, kenako s. Men's. Women's. Children's. Zimene wakulemberani papepala mnyamatayo, Childrens' nkhodolero ili kumapeto kwenikweni, ayi, zimenezo asapente. M'Chingerezi mulibe mawu oti childrens.

Dikirani nditseke chitseko, ana a oyandikana nawo akusokosa... Eya.

Ndikupatseni njira yodziyesera nokha, muzichita ngakhale ine kulibe. Ikani chala pa nkhodoleroyo, muphimbe ndi zonse zili kumanja kwake, muwerenge zimene zatsala kumanzere. Zotsalazo ziyenera kukhala mwini wake wa katunduyo, ndiponso akhale mawu enieni. Pa Men's chala chikaphimba patsala men, zili bwino, ndi azibambo. Pa Ladies' patsala ladies, zili bwino. Koma muyese Ladie's, imene ndimayiona pamashopu ambiri m'tauni muno, patsala ladie. Ladie ndani? Palibe. Muyese Lady's Wear, patsala lady, kutanthauza kuti belo lonse lija mwalitsegulira mayi mmodzi yekha.

Zimenezi zimandikhudza, alamu, musadabwe kuti ndikutalikitsa. Pasukulu ina pomwe ndinkaphunzitsa kale tinamanga zimbudzi zatsopano, makolo anaumba njerwa okha, ena kutunga madzi, ena mchenga. Tsiku lotsegulira tikupita, tapeza pakhoma alemba ndi penti yabuluu zilembo zikuluzikulu, Girl's Toilet, Boy's Toilet. Mtima unandiwawa. Sabata yomweyo n'kuti ndikuphunzitsa Sitandade 7 phunziro lomweli, ndiye mwana akhulupirire ziti, za pabolodi zimene ndimafufuta ikakwana nthawi yoweruka, kapena za pakhoma zimene aziona tsiku ndi tsiku mpaka atamaliza Sitandade 8? Ndinakagula kachitini kapenti ndi ndalama yanga, Loweruka m'mawa ndinakwera pampando n'kukasuntha nkhodolero zonse ziwiri. Chikwangwani chimaphunzitsa anthu ambiri kuposa ine, ndipo chanu chikhala m'mbali mwa msewu momwe ana asukulu amadutsa.

Mukafuna zitsanzo zoti musaiwale, tengani kalendala ili pakhoma panupo. Pa 3 Malichi timakumbukira anthu amene anaphedwa mu 1959 pomenyera ufulu wa dziko lino, monga aja a ku Nkhata Bay. Sanali munthu mmodzi, nchifukwa chake tsikulo ndi Martyrs' Day, nkhodolero pambuyo pa s. Pa 8 Malichi pali International Women's Day, apo ndi women kenako nkhodolero ndi s, ngati mmene ndanenera muja. Pa 5 Okutobala ndi tsiku lathu aphunzitsi, World Teachers' Day, ambiri, nkhodolero kumapeto. Koma pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, kawirikawiri mudzaona Mother's Day, nkhodolero isanafike s, ngati kuti ndi mayi mmodzi. Sikuti analakwitsa. Dzinali linachokera ku America, kumene tsiku lotere analimbikira kuti likhazikitsidwe ndi mayi wina, Anna Jarvis, ndipo boma la kumeneko linalivomereza mu 1914. Iye ankafuna kuti aliyense azilemekeza mayi ake akeake omubereka, osati amayi onse a padziko ngati chigulu. Ine zimenezi ndimazikonda kwambiri, kuti kachizindikiro kakang'ono chonchija kasenze maganizo onsewo.

Si zovala ndi maholide zokha ayi. Kalata yoitanira makolo kusukulu imayenera kunena parents' meeting, chifukwa tikuitana makolo onse. Chipinda cha ana kuchipatala ndi children's ward. Amayi a Mvano m'Chingerezi amati Women's Guild. Ngakhale nthawi imatha kukhala ngati mwini chinthu: mtsikana amene mumulembe ntchito pashopupo akadzafuna kusiya, mungagwirizane kuti adzapereke two weeks' notice, masabata ndi awiri ndiye nkhodolero pambuyo pa s, koma ukakhala mwezi umodzi ndi one month's notice.

Mwina mundifunsa kuti nanga bwanji masukulu ena amangolemba Girls Secondary School popanda kalikonse. Zoona, mayina a masukulu ndi mabungwe ambiri anasankha kuisiya, ndipo dzina la eni ake timalilemba mmene iwo amalilembera. Palinso mawu amene anaphatikizana n'kukhala amodzi, monga menswear, amenewo alibe nkhodolero. Koma inu poti mukulemba motalikitsa, Men's Wear mawu awiri, iikeni.

China, ndisaiwale. Pansi paja mukufuna kulemba mndandanda wa katundu, nsapato, zikwama, mabulangete. Apo pasakhale nkhodolero ngakhale imodzi. Shoes, Bags, Blankets, basi. Olemba zikwangwani ambiri akangoona s dzanja limayabwa, n'kulemba Shoe's. Nsapatoyo ili ndi chiyani? Palibe chimene ili nacho, zangochuluka chabe. Ngakhale ku Britain komweko ogulitsa ndiwo zamasamba amadziwika ndi cholakwika chimenechi, mpaka anachipatsa dzina loti greengrocer's apostrophe.

Tsono dzina la shopu. Mwati mukufuna mawu oti sister chifukwa mwasonkherana mpamba ndi achemwali anu aja. Ngati muli awiri, lembani Sisters' Fashions, nkhodolero pambuyo pa s. Mukalemba Sister's, ndiye kuti shopu ndi ya mmodzi, ndipo winayo akadziwa tanthauzo lake akhoza kudandaula, poti ndalama anaikamo.

Ndiye pamwamba Sisters' Fashions, pansi pake Ladies', Men's and Children's Wear. Ndikulemberani pagulu pano ndikangomaliza kulankhulaku kuti mumuonetse ndi maso. Ayambe walemba ndi choko pakhomapo, mujambule munditumizire, ndikaona ndiye apake penti. Moni kwa achimwene, muwauze kuti Loweruka ndibwera kudzasankha nawo pabelo latsopanolo.