Nazale kapena kufesa pomwepo? Yang'anani muzu

Mayi wina wa ku Area 49 wandilembera pa imelo. Ali ndi kamalo kuseri kwa nyumba, wagula mbewu za tomato, anyezi, kaloti ndi therere, ndiye akufunsa ngati zonsezi ziyambire pa nazale ya shedi kapena angofesa pomwe zidzakulire.

Amayi, musaziphatikize. Kaloti ndi therere zili ndi muzu umodzi wolunjika pansi, sizikondwa kuzulidwa. Kaloti wowokera amatuluka wamphanda ngati legeni. Izi fesani pomwepo, zikamera mupatulire. Nyemba ndi maungu chimodzimodzi.

Tomato ndi anyezi ndiye za pa nazale, pamodzi ndi kabichi, repu ndi tsabola. Njere zake n'zazing'ono: mvula yamphamvu ya Disembala imazikokolola, dzuwa la Okutobala limazipsereza zikangomera. Pa kabedi kamodzi mumaziyang'anira mosavuta, keni imodzi ya madzi yakwana. Tomato amakhalapo milungu 4 kapena 5. Anyezi amachedwa, milungu 6 mpaka 8, kufikira atanenepa ngati pensulo.

Koma shediyo ndi pomwe ambiri timalakwitsa, ine ndemwe. Chaka china ndinafolera udzu wochindikala ngati denga la nyumba, n'kumathirira m'mawa ndi madzulo osadumphitsa, ndikudzitama kuti ndikusamala. Mbande zinatalika, zowonda, zachikasu, zonse zitapendekera kofuna kuwala. Tsiku lina ndinapeza zaola patsinde, zili lambalamba ngati wina wazimweta usiku. Chinyezi ndi mdima ndi zomwe zinabweretsa matendawo.

Shedi ikhale yokwera pafupifupi mita imodzi, mpweya uzidutsa, udzu wake wopyapyala woti dzuwa lizilowa mawangamawanga. Udzu woyala pabedi uchotseni mbewu zikangotumphuka. Sabata yomaliza muzisasula shedi pang'onopang'ono ndi kuchepetsa madzi kuti mbande zikhwime. Alimi a fodya ku Mitundu sawokera mbande asanazikhwimitse. Tsiku lowokera thirirani nazale kaye kuti zizuke ndi dothi lake, ndipo muwokere madzulo dzuwa litapendeka.

Therere lanulo musalifese mu Juni kapena Julayi. M'kuzizira kwa Lilongwe limangokhala chete m'nthaka, likamera limapinimbira. Sungani paketiyo mpaka Seputembala.