Pasi ya sitima kapena matikiti wamba? Yankho kwa bambo wa ku Manchester

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amakhala ku Manchester. Akuti mayi awo akubwera kuchokera ku Zomba mu August kudzaona zidzukulu, ndiye akufuna awatengere ku London komanso ku Scotland pa sitima, iwowo, madamu awo, agogowo ndi ana atatu a zaka 4, 8 ndi 13. Funso lawo ndi lakuti agule pasi ya BritRail, tikiti imodzi yokwerera sitima maulendo ambiri, imene anaiona pa intaneti kapena azingogula matikiti a ulendo uliwonse pawokha.

Achimwene, pasiyo isiyeni. Choyamba inuyo simungaigule nkomwe, BritRail ndi ya alendo amene sakhala ku UK, ndiye pakhomo panupo amene akuyenera ndi agogo okha. Nzoona kuti pasi ya munthu wamkulu imabwera ndi mwana mmodzi wa zaka 5 mpaka 15 waulere, koma nanga enanu? Muzigulabe matikiti, ndipo muzikhala ndi mapepala amitundu iwiri ulendo umodzi. Pasi imapindulitsa munthu amene akukwera sitima yamtunda wautali pafupifupi daily ndipo sakudziwa kuti mawa adzuka akulowera kuti. Inu maulendo anu ataliatali ndi anayi basi, kupita ndi kubwerako ku London, kupita ndi kubwerako ku Scotland, masiku mukuwadziwa kale chifukwa ku ntchito munapempheratu holide.

Chimene mukufunika ndi Family & Friends Railcard, khadi yotsitsira mtengo wa matikiti a sitima. Kuyambira March 2025 imagulitsidwa £35 pachaka, imatenga akuluakulu mpaka anayi ndi ana mpaka anayi bola mukuyenda limodzi ndipo pali mwana pagulupo. Wamkulu aliyense amachotseredwa gawo limodzi mwa magawo atatu, ana a zaka 5 mpaka 15 amachotseredwa 60 peresenti pa mtengo wawo wa ana uja. Chokoma nchakuti agogo sakufunika kulembedwa dzina pa khadipo, mayina ndi anu ndi a madamu, iwo amangolowa ngati wamkulu wachitatu. Tingoyerekeza kuti tikiti ya wamkulu ili pa £60, aliyense mwapulumutsa £20, anthu atatu £60, ndiye kuti khadi yadzilipira kale musanafike nkomwe pa siteshoni ya Euston ku London, ana sitinawerengere.

Kenako gulani matikiti aja amati Advance, amayamba kupezeka pafupifupi masabata 12 tsiku la ulendo lisanafike ndipo otchipawo amatha msanga makamaka August ana ali pa holide. Koma apa ndiime pang'ono chifukwa ndi pamene anthu timalira. Advance ndi ya sitima imeneyoyo, nthawi imeneyoyo, ikakusiyani chifukwa cha kuchedwa kwanu yapita. Ine zinandionekera, tafika pa siteshoni bwinobwino ndi zikwama, kamwana kanga akuti adadi ndikufuna kutoileti, pomwe timatuluka tikuona zitseko zikutsekeka ife tili pa masitepe chigubu cha juwisi m'manja, ndinachita kugulanso matikiti ena pamtengo wa tsiku lomwelo ndipo mtima unandiwawa ulendo wonse. Ndiye poti muli ndi agogo amene sathamanga komanso kamwana ka zaka 4, musasankhe sitima ya mbandakucha chifukwa choti yatchipa ndi mapaundi atatu, tengani ya cha m'ma 10 kapena 11 ndipo mufike pa siteshoni ya Manchester Piccadilly kudakali mphindi 40. Koma ikachedwa ndi sitimayo mpaka mwaphonya yolumikiza imeneyo si mlandu wanu, amakukwezani yotsatira, komanso musaiwale kuitanitsa ndalama kudzera pa Delay Repay, ndondomeko yobweza ndalama sitima ikachedwa, ambiri timangozisiya.

Wa zaka 4 uja malamulo akuti akwera ulere, koma ulerewo ulibe mpando. Manchester kukafika Glasgow ndi maola atatu ndi kuposerapo, mwana pamiyendo nthawi yonseyo sitima itadzaza, ayi ndithu mugulireni tikiti ya mwana pa khadi yomweyo, ndi ndalama yochepa ndipo akhala ndi mpando wake. Pobukitsa pemphani mipando ya patebulo kuti mpunga ndi nkhuku zija mudyere pamodzi, agogo pawindo.

Ku London za Tube, sitima zapansi pa nthaka zija, ndi nkhani ina, BritRail sigwira ntchito kumeneko. Ana osakwana zaka 11 amakwera ulere akakhala ndi wamkulu wolipira, ndiye awiri aang'onowo mwapulumuka, wa 13 yekha ndi amene mumulipirire.

Tsono poti mukupita ku Scotland, chonde musangothera ku Edinburgh kujambulitsa pa castle. Kuchokera pa Glasgow Central pali sitima ya ScotRail ya mphindi pafupifupi 20 yopita ku Blantyre, inde Blantyre weniweni kumene David Livingstone anabadwira mu 1813, kumene mzinda wathu uja unatengera dzina. Nyumba imene anabadwiramo ilipo mphepete mwa mtsinje wa Clyde, anaisandutsa museum, ndipo kuchokera pa siteshoni ndi kamtunda koyenda pansi. Tikiti yake musavutike kugula pasadakhale, mukagula pompo tsiku lomwelo ndi khadi yanu ija. Ndikudziwa mayi anu akadzaona chikwangwani cholembedwa Blantyre pa pulatifomu adzafuna chithunzi choti akaonetse anzawo a kumvano akabwerera ku Zomba, ndiye foni ikhale yotchaja, makamaka ngati Railcard yanu ili ya mufoni chifukwa kondakitala akaifuna muyenera kuionetsa.