Lager yaukali imafuna yisiti yambiri ndi malo ozizira

Achimwene, mwafunsa ngati kuthira shuga wambiri kungathandize kuti lager yanu (mowa wa balere wofululidwa pozizira) ikhale yaukali, popeza imene munafulula poyamba inatuluka yotsekemera mopitirira muyeso komanso ikununkha ngati batala. Ine ndikukulangizani kuti za shuga muzisiye kaye, chifukwa zizindikiro ziwirizo zikusonyeza kuti yisiti inatopa isanamalize ntchito yake, ndipo kuiwonjezera chakudya kungangokulitsa vutolo.

Mtundu umene ndingakonde kuti muyambire ndi doppelbock, mowa wa ku Munich m'dziko la Germany, umene ukali wake umakhala pakati pa 7 ndi 10 peresenti ndipo wonse umachokera ku chimera cha balere. Pa malita 20 mutenge makilogalamu 5 a chimera cha Munich, kilogalamu imodzi ndi theka ya Pilsner ndi magalamu 300 a Caramunich. Muviike chimeracho m'madzi a madigiri 66 a Celsius kwa ola limodzi, musefe, kenako muphike madziwo kwa mphindi 90, ndipo kutatsala ola limodzi muthire magalamu 50 a hops (maluwa opatsa mowa kuwawa ndi fungo) wa mtundu wa Hallertauer. Mukayeza ndi hydrometer, kachipangizo koonetsa kuchuluka kwa shuga m'madziwo, muyenera kupeza pafupifupi 1.074. Hops asachuluke, pakuti mowa uwu umakoma ndi fungo la chimera lonkera ku buledi wowotcha.

Pamene ambiri timalakwitsa ndi pa yisiti. Lager imafuna yisiti yochuluka pafupifupi kawiri kuyerekeza ndi ale (mowa wofululidwa pamalo ofundirapo), ndipo ikakhala yaukali imafuna yoposa pamenepo, moti paketi imodzi siingakwane ngakhale pang'ono. Ngati mukugwiritsa ntchito youma, monga W-34/70, muthire mapaketi atatu. Njira imene ine ndimaikonda koposa ndi kuyamba ndafulula lager yopepuka, kenako n'kutenga yisiti yodikha pansi pa chidebe n'kuithira mu mowa waukaliwo, chifukwa imakhala yambiri ndiponso yazolowera kale kuzizira. Musanaithire, muziziritse madzi a chimera mpaka madigiri 9 kapena 10, ndipo muwakhutchumule kwambiri kuti mulowe mpweya, umene yisiti imaufuna pa kuswana kwake. Mukaithira madzi adakali ofunda, mowa umadzatuluka wobaya pakhosi.

Chidebe chikhale pakati pa madigiri 9 ndi 12 kwa masabata awiri kapena atatu, ndipo apa furiji yokhala ndi chipangizo chowongolera kuzizira ndi yofunika kuposa mphika wina uliwonse wapamwamba. Fungo la batala lija limachokera ku diacetyl, imene yisiti imatulutsa yokha n'kudzaiyamwanso ikapatsidwa mpata. Choncho mowa ukatsala pang'ono kupsa, mukweze kutentha kufika madigiri 16 mpaka 18 kwa masiku atatu, mulawe, ndipo ngati fungolo likadalipo mudikirenso.

Zikatero mutsitse kutentha pang'onopang'ono mpaka pafupi ndi digiri imodzi, ndipo mowawo ukhale pamenepo masabata osachepera asanu ndi limodzi. Musathire m'mabotolo hydrometer isanaonetse nambala yofanana masiku atatu otsatizana, chifukwa shuga wotsalira amatha kuphulitsa botolo. Pa tsiku lothira m'mabotolo muwonjezeremo kayisiti katsopano pang'ono, popeza yakale ija imakhala itadikha ndipo payokha siingabweretse thovu lokwanira.