Kodi Mkazi wa M'mabuku Amangodziwa Kupirira Basi?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina wa ku Area 25 kuno ku Lilongwe. Chinkhoswe chinachitika kale, ukwati uli pafupi. Akuti amakonda kuwerenga chiyambire ali ku sekondale, koma m'nthano zambiri ndi m'masewero a pa wailesi amangokumana ndi akazi a mitundu iwiri. Wina ndi mayi wopirira, wodikira mwamuna mpaka tambala woyamba, nsima itazizira m'mbale. Wina ndi mkazi wa m'tauni wokonda ndalama, amene nkhani ikamatha amakhala atachita manyazi. Funso lake ndi lakuti: kodi chikhalidwe chathu n'chotero, kapena ndi alembi amene anasankha kutijambula motero?

Achemwali, zimene mwaonazo ziliko ndithu, ndipo inenso zimandipweteka. Koma ine ndimaona kuti vuto lalikulu lagona pa amene akusimba nkhaniyo. M'mabuku ambiri amene tinakula nawo, mpangankhani wamkulu ndi mwamuna. Iye ndiye amayenda, kulakwa, kulapa ndi kubwerera kumudzi. Mkazi amaikidwamo kuti tione ngati mwamunayo ali wabwino kapena woipa. Zimene zikuyenda mumtima mwa mkaziyo sitiuzidwa.

Zimenezi zili ndi chiyambi chake. Kulemba ndi kusindikiza mabuku m'chinenero chathu kunayambira ku mishoni, ndipo amene anapita patsogolo ndi sukulu masiku amenewo ambiri anali anyamata. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, anatulutsa Nthondo mu 1933, nkhani ya moyo wa mwamuna kuyambira kubadwa kwake. Walije Gondwe, amene amatchulidwa kuti ndiye mayi woyamba wa ku Malawi kusindikiza nthano yaitali, anatulutsa Love's Dilemma mu 1985. Pakati pamenepa pali zaka zoposa 50. Onjezanipo kuti buku la Chichewa limayenda malonda likalowa pa silabasi, ndiye mlembi amakakamizika kuikamo phunziro loonekeratu kuti ana akayankhe pa mayeso. Mkazi wabwino alandire mphotho, woipa alangidwe, nkhani yatha. Ndipo musaiwale kuti kuyambira 1973 mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 lamulo linkaletsa amayi kuvala thalauza ndi siketi yaifupi. M'dziko lotero sizinali zovuta kuti mkazi wa m'tauni asanduke chizindikiro cha kuonongeka kwa mwambo.

Si kwathu kokha. Tengani Things Fall Apart ya Chinua Achebe ya mu 1958, buku limene ndimalilemekeza kwambiri. Ojiugo, mkazi wamng'ono wa Okonkwo, anapita kukamangitsa tsitsi kwa mnzake nachedwa kudzaphika. Okonkwo anamumenya kolapitsa. Analipitsidwa mbuzi, nkhuku, nsalu ndi ndalama, koma mlandu wake unali woti waswa sabata ya mtendere ndi kulakwira mulungu wa nthaka. Ojiugo anagona bwanji usiku umenewo? Anaganiza zobwerera kwao? Bukulo silitiuza. Komabe Achebe yemweyo anatipatsa Ekwefi, mayi amene anaika m'manda ana 9 mwa ana 10, ndipo usiku wina anatsatira wansembe wamkazi mumdima wandiweyani chifukwa cha mwana mmodzi wotsalayo. Pamenepo mlembi anayandikira mtima wa mayi, ndipo ndi gawo limene owerenga ambiri saliiwala.

Tsopano ku funso lanu lenileni, la chikhalidwe. Pitani ku midzi ya ku Mitundu, Nathenje kapena Nsaru mukafunse agogo za chikamwini. Mwamuna ndiye ankasamuka kukakhala kwa mkazi. Munda unali wa mbumba ya mkazi, ana anali a kuchikazi, ndipo banja likatha wonyamula kamtolo kubwerera kwao anali mwamuna. Wofuna kutenga mkazi pa chitengwa ankayenera kukapempha kwa eni mbumba. Sindikunena kuti kunalibe nkhanza, ayi, komanso mphamvu zambiri zinali m'manja mwa amalume. Koma mayi wokhala pa dothi la makolo ake, alongo ake ali pafupi, ankhoswe ake ali khomo lachiwiri, sanali munthu wopanda mawu ngati amene mumamupeza m'nthano zija.

Ndipo mawuwo ankamveka. Ankamveka pamtondo. Amayi awiri aimirira moyang'anizana, minsi ikusinthana, gaga ali m'miyendo, wina wayambitsa nyimbo mnzake akupolokozera. Nyimboyo ikunena za mwamuna amene wamwera ndalama ya fodya, za apongozi amene saona chabwino, za mkazi mnzake wa pamitala, za bambo amene anapita ku Joni pa Wenela n'kutchona, kusiya mayi akulima yekha ndi kulera ana. Mwini nkhani amamva ali pakhonde, mudzi wonse ukumvanso, koma palibe amene angakasume chifukwa ndi nyimbo. Kwa ine amenewa anali mabuku a akazi apabanja a kwathu, ndipo munali nthabwala, mkwiyo, chikondi ndi nzeru zoposa zimene zinalowa m'mabuku osindikizidwa. Chigayo chitafika, mtondo unayamba kusowa ntchito, nyimbo zambiri zinapita ndi eni ake. Zimenezi zimandimvetsa chisoni kuposa buku lililonse lolembedwa mokondera.

Ngati mukufuna kuona kusiyana kwake mkazi akadzisimbira yekha, werengani So Long a Letter ya Mariama Bâ wa ku Senegal, imene inatuluka koyamba m'Chifalansa mu 1979. Buku lonse ndi kalata ya Ramatoulaye, mphunzitsi komanso mayi wa ana 12, yopita kwa mnzake wapamtima Aissatou. Atakhala m'banja zaka 25, mwamuna wake Modou anakwatira Binetou, mnzake wa mwana wawo wamkazi. Ramatoulaye sanachoke. Aissatou, zitamuchitikira zofanana, anatenga ana ake n'kuchoka. Chimene ndimachikonda n'chakuti mlembi saweruza kuti wokhala ndiye wanzeru kapena wochoka ndiye wolimba mtima. Onse awiri timawamva akulingalira, akuwerengera za ana, za chikondi chimene chidakalipo, za ulemu wawo. Modou atamwalira, mkulu wake Tamsir anabwera kudzanena kuti amulowa chokolo, ndipo mayi uja amene aliyense ankamuyesa wofatsa anamukana pamaso pa anthu. Kupirira kwa Ramatoulaye kunali ndi malire, ndipo malirewo anadziikira yekha.

N'chifukwa chake, achemwali, musalowe m'banja ndi mantha oti muli ndi njira ziwiri zokha. Pa tsiku la malangizo mudzamva kuti banja ndi kupirira. Mawuwa ali ndi choonadi chake: pali matenda, pali nthawi yoti ntchito yatha, lendi ikudikira, pali kusiyana maganizo kumene kumafuna kudekha kwa onse awiri. Koma mudzafunse mwaulemu alangizi anu kuti kupirirako n'kwa zinthu ziti, ndipo mnzanuyo akulangizidwa zotani. Kumenyedwa sikuli m'gulu limenelo. Dziko lino lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja kuyambira 2006, ndipo lamulo la mu 2011 la chuma cha masiye limanena kuti kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi mlandu. Ankhoswe abwino amazidziwa zimenezi.

Buku la Mariama Bâ ndi laling'ono, mutha kulimaliza kumathero a sabata imodzi. Kafunseni ku National Library ku City Centre kapena kwa ogulitsa mabuku akale mu Old Town, ndipo ngati nkotheka muliwerenge pamodzi ndi bwenzi lanulo, mumve kuti iye akuti chiyani za Modou. Mukapita kumudzi kukaitana abale ku ukwati, mukawapemphe agogo akuimbireni nyimbo zawo za pamtondo, mukazijambule pa foni ndi kufunsa nkhani ya nyimbo iliyonse. Akalola, munditumizireko ziwiri kapena zitatu.